Thumba la m'dera: mafunso ndi mayankho okhudza ma community foundation

Pali mtundu wa bungwe lomwe silimanga zipatala lokha, siligawa chakudya lokha, komabe ntchito zambiri zachifundo za m'dera lake zimadalira ilo. Pa Chingerezi limatchedwa community foundation. M'munsimu tizingoti bungwe la thumba la m'dera, ndipo tiyankha mafunso omwe anthu ofuna kupereka komanso oyendetsa mabungwe ang'onoang'ono amafunsa kawirikawiri.

Kodi bungwe limeneli n'chiyani kwenikweni?

Ndi bungwe loima palokha, losafuna phindu, lomwe limasonkhanitsa ndalama kuchokera kwa anthu, mabanja ndi makampani ambiri, n'kuziika poti zizibereka, kenako n'kumagawa gawo la phindulo kwa mabungwe ogwira ntchito m'dera limodzi. Deralo likhoza kukhala mzinda, boma kapena chigawo, koma malire ake amadziwika.

Pali zinthu zitatu zomwe zimalisiyanitsa ndi mabungwe ena. Limatumikira dera, osati nkhani imodzi, choncho chaka chino lingathandize sukulu za mkaka, chaka chamawa okalamba kapena kusamalira mtsinje. Ndalama zake zimachokera kwa anthu ambiri, osati kwa mpondamatiki mmodzi monga zimakhalira ndi mabungwe a mabanja olemera. Ndipo limalamulidwa ndi bodi ya anthu okhala m'deralo, omwe nthawi zambiri salandira malipiro.

Nzeru imeneyi inachokera kuti?

Bungwe loyamba linakhazikitsidwa m'chaka cha 1914 mumzinda wa Cleveland ku United States. Amene analiyambitsa ndi Frederick Goff, loya yemwe anagwirapo ntchito kwa mpondamatiki John D. Rockefeller ndipo pa nthawiyo anali mkulu wa banki ya Cleveland Trust Company. Pa ntchito yakeyo ankaona mawilo ambiri (makalata ogawira chuma munthu akamwalira) a anthu olemera, ndipo chinkamuwawa n'chakuti munthu akamwalira, zofuna zake zimapitiriza kulamula chuma ngakhale dziko litasinthiratu. Chitsanzo chotchuka ndi cha Bryan Mullanphy wa ku St. Louis, yemwe pomwalira mu 1851 anasiya chuma choti chizithandiza apaulendo osauka opita kukakhala kumadzulo kwa dzikolo. Patapita zaka makumi angapo apaulendo oterowo anachepa kwambiri, koma ndalama zinali zomangika ku mawu a wiloyo.

Njira ya Goff inali yogawa ntchito pawiri: banki izisunga ndi kuchulukitsa ndalama, koma komiti ya nzika zamoyo ndiyo izigamula kopita phindu malinga ndi zosowa za nthawiyo. M'zaka zoyambirira, ndalama zogawa zisanachuluke, bungweli linkalipira kafukufuku wa momwe sukulu za boma, malo osewerera ndi makhoti a mumzindawo zinkayendera. Nzeruyi inafalikira msanga: Winnipeg ku Canada mu 1921, New York mu 1924, ndipo lero mabungwe oterewa ndi oposa 1,800 pa dziko lonse.

Thumba losatha limagwira ntchito bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ndalama zomwe mwapereka ku thumba losatha sizigawidwa. Zimaikidwa m'masheya, m'ngongole zobwereketsa boma kapena makampani, ndi mu katundu wina wobweretsa phindu. Chomwe chimagawidwa ndi kagawo kochepa chaka ndi chaka, m'mabungwe ambiri pakati pa 4 ndi 5 pa 100 iliyonse. Ng'ombeyo imakamidwa, siphedwa.

Tiyerekeze kuti thumba lili ndi 1,000,000 mu ndalama za dziko lililonse. Ngati chaka chimenecho labereka 8 pa 100, ndiye kuti pali phindu la 80,000. Bungwe lingagawe 45,000, n'kutenga 10,000 yoyendetsera ntchito, ndipo 25,000 yotsalayo imabwerera m'thumba. Anthu ena akamva za yobwererayo amadandaula kuti ndi umbombo pamene osowa alipo lero. Koma mitengo ya zinthu imakwera chaka chilichonse, ndipo thumba lomwe silikula limakhala likuchepa mphamvu mwakachetechete ngakhale nambala yake isasinthe.

Mabungwe ambiri sawerengera gawo logawalo pa mtengo wa chaka chimodzi, koma amaphatikiza zaka zitatu kapena kupitirira n'kupeza pakati. Amatero kuti msika wa masheya ukagwa, monga zinachitikira mu 2008, thandizo lisagwe mwadzidzidzi pa nthawi yomwe anthu akulifunitsitsa. Njirayi imachepetsa ululu koma siuthetsa. Ndipo m'maiko momwe ndalama imagwa mphamvu mofulumira, kusunga thumba losatha ndi ntchito ya thukuta kwambiri kuposa momwe masamu a pamwambawa akuonetsera.

Bwanji osangopereka mwachindunji ku bungwe lomwe ndimalikonda?

Ngati mukulidziwa bwino, mumalikhulupirira, ndipo mukufuna kuti ndalama yanu igwire ntchito mwezi uno, perekani mwachindunji. Palibe chifukwa choidutsitsa pa mkhalapakati.

Bungwe la thumba la m'dera limakhala ndi phindu pa zinthu zina. Mwina mukufuna kuthandiza ana a m'misewu koma simukudziwa kuti mwa mabungwe khumi omwe amatero, ndi ati akugwiradi ntchito. Mwina mukufuna kusiya chuma mu wilo ndipo simungadziwe ngati bungwe lomwe mumalikonda lidzakhalapobe zaka 40 zikubwerazi. Kapena mukufuna kupereka masheya, nyumba kapena malo, zinthu zomwe kabungwe kakang'ono kalibe ukadaulo wozilandira n'kuzigulitsa mwalamulo. Pamenepo mkhalapakati amakhala wofunika.

Ine ndalama zanga n'zochepa. Kodi izi si za anthu olemera okha?

Kutsegula thumba lokhala ndi dzina lanu kumafuna ndalama yoyambira, ndipo bungwe lililonse limaika mlingo wake. Koma kuponya m'thumba lomwe lilipo kale kulibe mlingo. Bungwe la ku Winnipeg linayamba ndi madola 100,000 ochokera kwa William Forbes Alloway, mwini banki. Mphatso yachiwiri inafika mu 1924 mu envelopu yopanda dzina la wopereka: makobiri atatu agolide a madola asanu asanu. Bungwelo mpaka lero limanena kuti madola 15 amenewo ndi omwe anasonyeza kuti thumbalo ndi la mzinda wonse.

Palinso magulu a anthu omwe amasonkha ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, n'kumasankha limodzi kopereka, bungwe likuwasungira ndalamazo ndi kuwayendetsera za mapepala. Nthawi zina kampani kapena wopereka wamkulu amalonjeza kuti pa ndalama iliyonse yomwe anthu wamba asonkhe, iye awonjezera yofanana nayo. Zikatero chopereka chanu chaching'onocho chimakoka chinzake.

Pali mitundu yanji ya mathumba?

Thumba lopanda malire ndi lomwe wopereka amasiyira bodi ufulu wonse. Limeneli ndiye lamtengo wapatali kuposa onse, chifukwa limatha kuyankha vuto lomwe palibe analiganizira. Tsoka lake, ndi lomwe anthu amaponyamo mochepa, popeza ambirife timafuna kuloza ndi chala komwe ndalama yathu yapita.

Kenako pali thumba la gawo limodzi la ntchito, monga zaumoyo, maphunziro kapena zaluso, momwe inu mumatchula gawolo koma bungwe ndilo limasankha olandira. Pali thumba lolunjika ku bungwe limodzi lomwe mwalitchula dzina. Pali la fizi za ophunzira, lomwe mabanja ambiri amatsegula pokumbukira wachibale amene anatisiya. Ndipo pali lomwe wopereka amapitiriza kulangiza kopita ndalama, lomwe lili ndi nkhani yakeyake.

Nanga thumba lolangizidwa ndi woperekalo, bwanji limabutsa mkangano?

Loyamba la mtunduwu linatsegulidwa ku New York Community Trust mu 1931. Mumapereka ndalama lero, mwalamulo zimasiya kukhala zanu, ndipo komwe malamulo amalola mumachotseredwa msonkho nthawi yomweyo. Kenako, pa nthawi yomwe mwafuna, mumauza bungwe kuti tumizani zakuti kwa akutiakuti. Pa pepala amenewo ndi malangizo chabe ndipo bodi ikhoza kukana, koma kunena zoona nthawi zambiri siikana ngati wolandirayo ndi bungwe lovomerezeka.

Mkangano wake uli pawiri. Ku United States, mabungwe a mabanja olemera amakakamizidwa ndi lamulo kugawa pafupifupi 5 pa 100 ya chuma chawo chaka chilichonse, pamene mathumba olangizidwawa alibe lamulo lotero. Munthu atha kulandira mwayi wa msonkho lero, ndalama n'kukhala phee zaka zambiri zisanafike kwa wosowa aliyense. Mabungwe ambiri anadziikira okha malamulo oti thumba likagona kwa zaka zingapo, bodi iyambe kugawa yokha.

Vuto lachiwiri ndi lakuti ndalamazo sizikakamizidwa kukhala m'deralo. Silicon Valley Community Foundation ya ku California, yomwe inapangidwa mu 2007 pophatikiza mabungwe awiri, inakula kukhala imodzi mwa zikuluzikulu pa dziko chifukwa cha mphatso monga ya Mark Zuckerberg ndi Priscilla Chan, omwe mu 2013 anapereka masheya 18 miliyoni a Facebook okwana pafupifupi madola 1 biliyoni. Koma bungweli linadzudzulidwa kuti gawo lalikulu la zomwe limagawa limapita kunja kwa dera lake, pamene m'deralo anthu akusowa pokhala chifukwa cha kukwera kwa lendi. Kudzudzulako kuli ndi mutu. Bungwe likatanganidwa ndi kusangalatsa opereka akuluakulu, limasanduka banki ya anthu achifundo, ndipo dera limangotsala pa dzina.

Chimachitika n'chiyani ngati cholinga chomwe ndinatchula chatha ntchito?

Mukamatsegula thumba mumasainira kuti bodi ili ndi mphamvu yosintha cholinga ngati chasanduka chosatheka kapena chosafunikanso. Ngati munasiya ndalama zothandiza sukulu inayake ndipo sukuluyo yatsekedwa, bodi imafufuza ntchito yoyandikana kwambiri ndi zomwe munkafuna, osapita kukhoti.

Mphamvuyi ili ndi malire. Beryl Buck, mayi wa ku California yemwe anamwalira mu 1975, anasiyira San Francisco Foundation masheya a kampani ya mafuta ya Belridge, n'kunena kuti phindu lizigwira ntchito m'boma la Marin lokha. Kampaniyo itagulidwa ndi Shell mu 1979, chumacho chinakwera kupitirira madola 250 miliyoni, chikhalirecho Marin ndi limodzi mwa maboma olemera kwambiri m'dzikolo. Bungwelo linapempha khoti kuti lilole zina zipite kumaboma oyandikana omwe ali ndi osauka ambiri. Mu 1986 khoti linakana, chumacho chinachotsedwa m'manja mwake, ndipo panabadwa Marin Community Foundation. Khoti linaona kuti cholinga cha mayiyo chinali chothekabe, ndipo kuganiza kuti kwina ndalamazo zingathandize koposa si chifukwa chokwanira chophwanyira wilo.

Ndimayendetsa kabungwe kakang'ono. Ndingapeze bwanji thandizo?

Yambani ndi kuwerenga zomwe bungwelo linathandiza zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Mndandanda umenewo umakuuzani zambiri kuposa mawu okoma a pa tsamba lawo la pa intaneti: kukula kwa ndalama zomwe amapereka, mtundu wa ntchito, komanso ngati amathandizadi mabungwe a msinkhu wanu. Kenako imbani foni kapena pitani mukaonane nawo musanalembe kalikonse. Ogwira ntchito kumeneko analembedwa kuti azidziwa za m'deralo, ndipo kucheza kwa mphindi khumi kungakupulumutseni ku sabata yathunthu yodzaza fomu yomwe simukuyenera.

Kawirikawiri amafuna chikalata chosonyeza kuti munalembetsa mwalamulo, maina a mamembala a bodi yanu, bajeti, lipoti la zachuma la chaka chatha, ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina la bungwe, osati la munthu. Ngati simunalembetse, funsani ngati amalola kuti bungwe lina lolembetsa likulandirireni ndalama, chifukwa ambiri amalola. Pempho lanu limawerengedwa ndi ogwira ntchito, nthawi zina amabwera kudzaona okha, kenako komiti imapereka maganizo ndipo bodi imavomereza.

Zomwe zimagwetsa mapempho ambiri si galamala. Ndi bajeti yosagwirizana ndi zomwe mwafotokoza, kulonjeza kusintha mzinda wonse ndi ndalama zokwanira miyezi itatu, ndi kubisa ndalama zoyendetsera ofesi ngati kuti lendi ndi malipiro ndi zochititsa manyazi. Lembani mtengo weniweni. Mukakanidwa, funsani chifukwa chake, popeza nthawi zambiri mapempho abwino amachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo, ndipo amene wakukanani lero atha kukulumikizani ndi wopereka wina yemwe thumba lake lili komweko.

Kupatula ndalama, mabungwe ang'onoang'ono amapindulanso chiyani?

Ambiri amasungitsa komweko ndalama zawo za mtsogolo. Kabungwe kokhala ndi ndalama zochepa sikangalembe katswiri wa masheya, koma zikaphatikizidwa ndi za ena zimayendetsedwa ndi akatswiri pa mtengo wotsika, ndipo kabungweko kamalandira gawo lake chaka ndi chaka. Palinso maphunziro a kasungidwe ka mabuku a zachuma ndi kayendetsedwe ka bodi, komanso chipinda chochitira misonkhano.

Ntchito ina yosaoneka ndi maso ndiyo kuitanitsa anthu pamodzi. Popeza bungweli si chipani ndipo silipikisana ndi omwe limawathandiza, limatha kukhazika pa tebulo limodzi khonsolo, amalonda, azipembedzo ndi mabungwe omwe paokha sakanalankhulana. Mu 2001 bungwe la ku Toronto linayamba kutulutsa lipoti lotchedwa Vital Signs, losonkhanitsa ziwerengero za nyumba, ntchito, umoyo ndi umphawi mumzindawo, ndipo njirayi inatengedwa ndi mabungwe ena ku Canada ndi maiko ena. Lipoti lotere limathandiza kuti mkangano wa zosowa za dera uchoke pa mphekesera.

Nanga pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi?

Apa mabungwe a thumba la m'dera amachita changu, chifukwa akaunti, ogwira ntchito ndi mndandanda wa mabungwe odalirika zimakhala zilipo kale. Pa 11 Seputembala 2001, tsiku lomwe zigawenga zinaukira New York, New York Community Trust ndi bungwe lachifundo la United Way la mumzindawo anatsegula thumba lothandiza okhudzidwa. Mu 2020 mabungwe ambiri oterewa anatsegula mathumba a Covid-19 m'masabata oyambirira a mliriwo. Ubwino wina ndi wakuti atolankhani ndi mabungwe akunja akachoka, iwo amatsala, ndipo kumanganso kumatenga zaka.

Bungwelo limadya zingati pa ndalama yanga?

Limadula kagawo pa thumba lililonse chaka ndi chaka, kawirikawiri 1 kapena 2 pa 100 iliyonse. Mathumba a fizi amadulidwa zochulukirapo chifukwa ali ndi ntchito yambiri. Palinso malipiro a akatswiri oyendetsa masheya, omwe nthawi zina satchulidwa pa pepala loyamba. Funsani zonse ziwiri, ndipo akupatseni zolembedwa.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalama sizikulowa m'matumba a anthu?

Pemphani lipoti la chaka ndi mabuku a zachuma owunikidwa ndi akatswiri ochokera kunja kwa bungwelo. Bungwe labwino limaika zimenezi poyera osadikira kufunsidwa. Funsani ngati mamembala a bodi ali ndi malire a zaka zokhala pampando, komanso ngati membala amatuluka m'chipinda pokambirana pempho la bungwe lomwe iye kapena wachibale wake ali nalo mbali.

Koma kuba si ngozi yokhayo, ndipo mwina si yaikulu. Mabuku atha kukhala oyera pamene bodi yonse ndi maloya, mabwana a mabanki ndi eni makampani ochokera mbali imodzi ya mzinda. Anthu oterewa sakhala ndi cholinga choipa, koma amathandiza zomwe amazidziwa, ndipo kagulu ka amayi a kumalo kosauka komwe sikadziwa kulemba pempho lokongola sikafika pa tebulo lawo. N'chifukwa chake mabungwe ena anayamba kupereka mphamvu yogamula kwa makomiti a anthu okhala kumalo othandizidwawo, kuphatikizapo achinyamata. Mukamayang'ana maina a bodi, dzifunseni kuti ndani mwa iwo angadziwe mavuto a anthu omwe thumbalo likuti limawatumikira.

Kodi ndichotseredwa msonkho ndikapereka?

Zimatengera malamulo a dziko lomwe mukukhala. Ku United States, malamulo a msonkho a 1969 anapatsa mabungwe othandizidwa ndi anthu ambiri mwayi woposa wa mabungwe a mabanja, ndipo ichi chinathandiza kuti mathumba a m'madera achuluke. Ku United Kingdom kuli njira ya Gift Aid, momwe bungwe limatenga kuboma msonkho womwe wopereka analipira kale pa ndalamayo. Musanapereke chuma chachikulu kapena kulemba wilo, onanani ndi loya kapena katswiri wa misonkho.

Kodi zimenezi zimatheka kunja kwa maiko olemera?

Zimatheka, koma sizioneka chimodzimodzi. Ku Germany loyamba linatsegulidwa mumzinda wa Gütersloh mu 1996, ku Russia mumzinda wa Togliatti mu 1998, ndipo Kenya Community Development Foundation inayamba mu 1997. Ku Johannesburg kuli Global Fund for Community Foundations, yomwe imapereka ndalama zochepa zolimbikitsira mabungwe oterewa mu Africa, Asia, Latin America ndi kum'mawa kwa Ulaya.

Kumalo komwe anthu osiya chuma chambiri mu wilo ndi ochepa, thumba losatha limakula pang'onopang'ono, ndipo mabungwe ambiri amayamba ndi kusonkha n'kugawa chaka chomwecho. Chomwe amatsindika n'chakuti anthu akaponyapo zawo, ngakhale zochepa, amakhala ndi pakamwa pofunsa, zomwe sizichitika ntchito ikabwera yonse kuchokera kunja. Msonkhano waukulu womwe unachitika ku Johannesburg mu Disembala 2016 unafalitsa mfundo imeneyi pansi pa mbendera ya #ShiftThePower, kutanthauza kusamutsira mphamvu kwa eni dera. Chovuta chake n'chakuti mabungwe ena oterewa amadalirabe opereka akunja pa malipiro ndi lendi, ndipo woperekayo akasintha maganizo, bungwe limagwedezeka.

Ngati kwathu kulibe, tingayambitse bwanji?

Musayambe ndi ofesi kapena galimoto. Yambani ndi gulu la anthu odalirika ochokera mbali zosiyana za deralo, omwe aliyense ali wokonzeka kuponya zake asanapemphe ena. Gwirizanani malire a dera, lembani malamulo oyendetsera bungwe kuphatikizapo mphamvu yosintha cholinga cha thumba, ndipo lembetsani motsatira malamulo a dziko lanu. Pezani padera ndalama zoyendetsera ntchito kwa zaka zingapo zoyamba, chifukwa kagawo kodulidwa pa thumba laling'ono sikangalipire ngakhale munthu mmodzi. Ngati pafupi pali bungwe lokhazikika kale, funsani ngati mungatsegule thumba la dera lanu pansi pake, iwo azisunga mabuku, inu muzisankha olandira. Ndipo m'chaka choyamba gawani kenakake ngakhale kochepa, n'kulengeza poyera amene walandira, zingati, komanso chifukwa chake.